Galimoto inafera ku Hagerstown, ine ndinakathera mu laibulale

Ulendowu unali wa ku Antietam, kufupi ndi Sharpsburg m'chigawo cha Maryland, komwe pa 17 September 1862 Aamerika anaphana okhaokha koopsa pa nkhondo yawo yapachiweniweni. Ine ndi mlamu wanga tinanyamuka ku Silver Spring m'mamawa. Titangotsika phiri la South Mountain pa msewu wa I-70, galimoto inayamba kutsokomola, kenako zii. Wodzatikoka anatidya madola 120 pa kamtunda kosatopetsa n'komwe, ndipo makaniko wa mu Hagerstown anati tidikire mpaka madzulo. Kunja kunali chisanu cha December cholowa m'mafupa, foni yanga nayo batire itatha.

"Alamu, pitani ku laibulale mukafunde," anatero mlamu wanga. "Kumeneko palibe amene akakufunseni kuti mugula chiyani."

Washington County Free Library ili pa South Potomac Street, pakatikati pa tauni. Nyumba ya panopa inatsegulidwa mu 2013. Mayi wa pa desiki atandiona ndikunjenjemera sanafunse chiphaso chilichonse. Anandibwereka chaja, kundipatsa kapepala ka manambala olowera pa kompyuta ngati mlendo, n'kundilozera mpando wapafupi ndi zenera. Zonsezi ulere. Khofi yekha, amene ndinakagula panja, ndiye anandilanda madola 4, komanso anali wamadzimadzi.

Nditafundako ndinaona chithunzi chakale cha ngolo yokokedwa ndi akavalo awiri, m'mbali mwake muli mashelefu odzaza mabuku. Ndinafunsa, ndipo mayi uja anasiya zomwe amachita n'kuyamba kundifotokozera ngati akukamba za agogo ake.

Laibulaleyi inatsegulidwa mu 1901, ndipo ndi imodzi mwa zoyamba ku America kutumikira boma lonse, osati anthu a m'tauni okha. Woyang'anira wake woyamba, Mary Titcomb, anaona kuti mlimi wa kumapiri sangasiye munda tsiku lathunthu kudzabwereka buku. Poyamba ankatumiza mabokosi a mabuku kukawasiya m'magolosale ndi m'mapositi ofesi a kumidzi. Atazindikira kuti ena akutsalabe, mu 1905 anakonzetsa ngolo yonyamula mabuku pafupifupi 200 kuti iziyenda khomo ndi khomo. Anthu ambiri amati imeneyi ndi yomwe inayambitsa malaibulale oyendayenda m'dzikomo.

Chomwe chinandigwira mtima ndi munthu amene anamusankha kuyendetsa ngoloyo. Sanatenge wophunzira wa m'tauni. Anatenga Joshua Thomas, yemwe ankasesa ndi kusamalira nyumba ya laibulale, chifukwa anali mwana wa m'deralo, wodziwa njira ndiponso wodziwika kwa alimi. Mayi Titcomb ankadziwa kuti munthu wakumudzi salandira chinthu kwa mlendo wobwera ndi Chingerezi cha m'mphuno. Ndikanakonda ena oyendetsa zachitukuko kwathu kuno atamva nkhani imeneyi asanakwere magalimoto awo aatali aja.

Koma ngoloyo inayamba ndi tsoka la utoto. Inali yakuda, ndipo ena kumidzi ankaiyesa yonyamula maliro, mpaka kuikana kuti isaime pakhomo pawo. Anachita kuipaka utoto wofiira m'malo ena kuti anthu asiye kuithawa. Mu 1910 sitima ya katundu inaiwomba podutsa njanji. Thomas ndi akavalo anapulumuka, ngolo inatheratu. Mu 1912 ntchito inayambiranso, ulendo uno ndi galimoto ya injini. Mayi Titcomb anatsogolera laibulaleyi kwa zaka zambiri, ndipo anamwalira mu 1932.

Masiku ano ili ndi nthambi m'matauni ang'onoang'ono monga Boonsboro, Hancock, Williamsport, Smithsburg ndi Sharpsburg komwe tinalephera kufika kuja. M'nyumba yaikuluyi muli chipinda chotchedwa Western Maryland Room, chosungira mbiri ya derali, komwe anthu amafufuza mizu ya makolo awo. Ndinaona ana akuwerengeredwa nthano, bambo wina akuthandizidwa kudzaza fomu ya ntchito pa intaneti, ndi ena angapo amene, mofanana ndi ine, anangobwerera kutentha basi. Palibe anawayang'ana ndi diso loipa.

Langizo langa: mukamayenda m'matauni ang'onoang'ono a ku America, dziwiranitu pomwe pali laibulale, pakuti chimbudzi, intaneti ndi pokhala zimapezeka popanda kulipira. Kungoti onani nthawi yotsegulira, chifukwa nthambi za kumidzi sizitsegula tsiku lonse. Ndipo musadalire kuti mupeza minibasi yokufikitsani ku Antietam. Dziko lolemera chonchi, koma wopanda galimoto amasowa mtengo wogwira.

Galimoto ya mabuku ikadalipo mpaka lero. Ndinapempha kuti ndiione, koma anati yatuluka m'mawa, ili m'midzi.