Sabata yoyamba opanda a injiniya athu

Lolemba tinalowa m'wekishopu ku Graniteside aliyense ali duu, poti Loweruka ndi pamene tinakaika a injiniya athu aakulu ku manda a Warren Hills. Koma foni sinatipatse mpata wolira. Muno mu Harare madzi a m'mipopi amatha masiku osabwera, ndiye pampu ya pachitsime ikafa, anthu amaimba mosalekeza.

Lachiwiri tinapita ku Budiriro, pasukulu ina pomwe pampu inali itapsa. Titazula mapaipi onse, vuto linaonekeratu: magetsi pobwerera atazima, anabwera pa mawaya awiri okha m'malo mwa atatu, mota n'kutentha mpaka kupserera. Amene anaiika sanamangemo rileyi yodula magetsi zikatere. Malemuwa sakanachoka pamalo asanamange kachipangizo kameneka. Kasitomala akadandaula mtengo, ankachepetsa malipiro awo omwe, koma rileyi ilowe basi. Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Mu 2008 ndi 2009, kolera itapha anthu oposa 4,000 m'dziko lino, Budiriro inali m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri, ndipo iwo anaona ndi maso amayi akutunga m'zitsime zosaya pafupi ndi zonyansa. Kwa iwo pampu yakufa inali nkhani ya moyo wa ana.

Mnyamata wathu wophunzira ntchito ndi amene anandiliza tsiku limenelo. Asanagwire waya, anatulutsa mita n'kuyeza kawiri, mmene ankamuphunzitsira. Mwanayu anabwera osadziwa kugwira sipanala, koma sanakalipidwepo pagulu. Akalakwitsa, ankamutengera kuseri kwa galimoto, kumujambulira pa katoni mpaka amvetse, madzulo n'kumupatsa ya kombi yobwerera ku Mufakose. Ifenso ana a anthu ochokera ku Malawi ankatilankhula Chichewa pa nkhomaliro, kuti tisachite nacho manyazi.

Lachitatu ndi Lachinayi tinali ku Mabvuku kumanga masola, ntchito inayenda bwino.

Lachisanu tinasonkha chipepeso, ine ndi anzanga awiri n'kukapereka kwa mayi a kunyumba ku Highfield. Iwo anatitulutsira bokosi la zipangizo za malemu, nati amuna awo ananeneratu ali m'chipatala kuti lipite kwa mnyamata uja. Tamupatsa dzulo, ndipo mawa akutsagana nane ku Glen View kukayang'ana pampu ina yomwe ikungodzizimitsa.