Bodza linabwera pa voice note, zoona pa chithunzi

Sabata yatha ndinatsala pang'ono kujomba mayeso chifukwa cha voice note ya masekondi 40, mpaka pano ndikakumbukira mtima umachita kuwawa.

Kwa amene simundidziwa, ine maso angawa ndi ongoti alipo, ndimaona kuwala ndi zithunzithunzi basi. Zowerenga zonse foni ndi laputopu zimachita kundiwerengera, pa foni TalkBack, pa laputopu NVDA, pulogalamu yaulere ija anayambitsa anyamata osaona a ku Australia mu 2006. Malemba imawerenga bwinobwino mwaliwiro loti anzanga akamva amati mukumvapo chani pamenepo. Koma mukaipatsa pepala lojambulidwa ndi foni imangoti "image" kenako zii.

Ndiye mademo atavuta, utsi wokhetsa misozi mpaka kumahostelo, makalasi anaima ndipo gulupu yathu ya WhatsApp inasanduka msika. Aliyense ali ndi amalume ake odziwa zamkati. Usiku kunalowa voice note ya bambo wina wa mawu okhuthala, akuti ndangotuluka kumene mu miting'i ya akuluakulu, sukulu yatsekedwa mpaka zandale zizizire, mayeso onse aimitsidwa, longedzani. Sanatchule dzina, koma ndinamva liwu lililonse, ngakhale galu amene amauwa kumbuyo kwake ndinamumva. Ndinayamba kupinda zovala.

Pomwe chikalata chenicheni cha sukulu chinali chitalowa kale pagulupu pomwepo masana. Anachitaipa pa kompyuta, kuchipulinta, kusaina, kudinda chidindo, wina n'kuchijambula chopendekeka n'kuponya. Chimati mayeso alipo Lachinayi, angosintha chipinda. Ine ndinachidutsa ngati mmene ndimadutsira zithunzi zonse za ma birthday. Lachitatu usiku mnzanga wa m'chipinda ndi amene anandifunsa kuti aise chikwamachi ukupita nacho kuti, mawa si pepala?

Chimene chikundinyansa ndi chimenecho, wabodza uja anandifikira mosavuta kuposa sukulu imene ndimalipirako fizi. Iye safuna chidindo, amangodina batani n'kuyamba kulankhula. Ofufuza a ku yunivesite ya MIT ku America anapeza kale mu 2018 kuti pa Twitter nkhani zabodza zimathamanga kuposa zoona, nanga zoonazo zikabweranso zitatsekeredwa m'chithunzi mukuti ife titani? A WhatsApp anaika kachizindikiro ka "forwarded" chaka chomwecho, mu 2019 n'kuchepetsa kuti uthenga uzitumizidwa kwa asanu okha nthawi imodzi, chabwino, koma kachizindikiroko kamangokuuza kuti uthengawu wayendayenda, sikanena kuti wanama.

Mnzanga wina wosamva zake zinali zotembenuza. Chikalata anawerenga, koma amangoona anthu akulemba "eeh zoona??" "ndanyamuka ine" pansi pa voice note imene sangaimve, n'kumaganiza kuti mwina kwatuluka zina zatsopano zofufuta chikalatacho. Mkulu wa sukulu atalankhula pa vidiyo panalibe womasulira m'chinenero chamanja, ngakhale timawu tapansi tija. Ndipo chipinda chatsopano cha mayesocho chinali chapamwamba, masitepe okhaokha, mtsikana wa pa wilitcheya wa m'kalasi mwathu anachita kunyamulidwa ndi anyamata anayi ngati katundu, iye akuseka koma mawu ake ndinawamva ine, sikunali kuseka kumene kuja.

Malekichala nawo anangoti duu. Poyamba ndinakwiya nawo, mmodzi yekha akanalemba mzere umodzi kuti ana inu izi n'zabodza nkhani ikanathera pomwepo. Koma wina anadzandiuza pambali kuti masiku ano ukalemba chilichonse pagulupu ya ophunzira, screenshot imafika kutali usanamalize n'komwe kutaipa, ukati bwerani ku mayeso akuti wagulidwa ndi boma, ukati khalani kaye akuti ukutuma ana ku mademo. Ndiye aliyense akuteteza ntchito yake. Ndikuwamvetsa, ngakhale pang'ono pokha.

Komatu sikuti tikupempha chifundo. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali linavomerezedwa mu 2006, gawo 21 likunena zolandira uthenga m'njira imene munthu angathe kuumva, gawo 24 za maphunziro mpaka ku yunivesite. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati aulumalife tilipo pafupifupi 1.3 biliyoni, munthu mmodzi mwa 6 alionse. Koma zinthu zikangovuta timakhala oyamba kuiwalika, mumva akuti panopa ndi emergency zanuzo tiona bata likabwerera.

Mayeso ndinalemba, mutu uli mbweee chifukwa chosagona. Nditatuluka ndinatumiza imelo ku ofesi, mwaulemu ndithu, kupempha kanthu kamodzi: mukamaponya chithunzi cha chikalata muzikoperanso mawu akewo n'kuwamata pansi pake, si kompyuta yomweyo munataipira? Dzulo andiyankha. Kalata yake yabwino kwambiri, akuti pempho langa alilandira ndipo alipititsa ku komiti. Anandiwerengera ndi mnzanga wa m'chipinda uja, poti yabwera yosikana, chidindo chili pompo.