Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Amalume, deki ndi Mike Tyson

Zikomo nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapitali. Ine ndinangotchulako pang'ono za vidiyo sho ya amalume ku Ndirande, koma inu mwakanganirana Mike Tyson mpaka kuiwala kuti nkhani inali ya sukulu yanga. Achimwene ena a ku Lilongwe, amene sasowa pa ndemanga, akuti Tyson anali wongokokomezedwa, ankamenya anthu amantha basi. Alamu anga aja munawadziwa m'gawo 7 amanenanso zomwezo mpaka lero. Ndikuyankhani nonse, koma mupirire, chifukwa yankho langa lili mkati mwa nkhani ya amalume.

Achinyamata simungamvetse. Nthawi imeneyo kwathu kunalibe wailesi ya kanema, TVM inadzayamba mu 1999. Zotsatira za nkhonya tinkazimva pa wailesi, ndewu yeniyeniyo nkudzaiona patapita milungu, munthu wina akabwera ndi tepi kuchokera ku Joni kapena ku Harare. Ntchito yanga ndikaweruka inali kutolera ndalama pakhomo, kutchinga mazenera ndi mapepala akuda apulasitiki, ndi kupukuta mutu wa deki ndi kansalu konyowetsa sipiriti chithunzi chikayamba kuchita mizere. Deki imeneyo amalume sankalola munthu wina kuikhudza, ngakhale ana awo.

Tepi imene inatidyetsa inali ya Tyson. Anamenya Trevor Berbick m'raundi yachiwiri mu November 1986 nkutenga lamba wa bungwe la nkhonya la WBC ali ndi zaka 20, wamng'ono kuposa aliyense amene anakhalapo katswiri wa heavyweight, gulu la olemera thupi kwambiri. Pofika August 1987 anali ndi malamba onse atatu a dziko lonse. Ya Michael Spinks ya mu June 1988 inatibweretsera mlandu: inatha m'masekondi 91, anthu ena asanapeze nkomwe pokhala pa benchi. Anayamba kukuwa kuti tiwabwezere ndalama zawo. Amalume anangoibweza tepi, kuionetsanso, kuibwezanso, uku akuimitsa chithunzi ndi kuloza ndi chala pa galasi. "Onani mutuwu, sukhala malo amodzi. Onani miyendo." Iwo sankasilira mphamvu za Tyson kwenikweni. Ankasilira kuti munthu wamfupi chotero ankalowa m'kati mwa manja a anthu ataliatali osagundidwa.

Kenako February 1990, Tokyo. James "Buster" Douglas, amene obetcha ankamuika pa 42 kwa 1, kutanthauza kuti sankamuyembekezera kupambana, mayi ake atangomwalira kumene, anagwetsa Tyson m'raundi ya 10. Tepi itafika amalume anaionera okha usiku, ine ndili pakona ngati ndikusesa. Anthu m'dera ankati refu anachedwetsa kuwerenga pamene Douglas anagwa m'raundi ya 8. Amalume sanalowe nawo m'zimenezo. Anaimitsa chithunzi pamene diso la Tyson latupa, anthu ake akulithowa ndi golovesi ya labala yothiramo madzi ozizira chifukwa analibe kachitsulo kotsitsira chotupa. "Mphwanga, katswiri wa dziko lonse akuthowedwa ndi chimenechi? Mwanayu alibe anthu."

Ndipo ankanena zoona. Cus D'Amato, mdala amene anamulera ndi kumuphunzitsa, anamwalira mu 1985. Jim Jacobs, amene ankamuyendetsera zinthu, anamwalira mu 1988. Chaka chomwecho Tyson anachotsa mphunzitsi wake Kevin Rooney nkugwera m'manja mwa wokonza ndewu Don King. Mutu uja unasiya kuyenda, anayamba kudikira chibakera chimodzi.

Tsono alamu, ndi inu achimwene a ku Lilongwe. Mumati Larry Holmes anali ndi zaka 38 pamene ankamenyedwa ndi Tyson, Spinks anachokera ku gulu la opepukirako thupi, ndipo Evander Holyfield anamumenya Tyson mu 1996, chaka chotsatira Tyson nkumuluma khutu. Zonsezo nzoona, ndipo za mlandu wogwiririra umene unamulowetsa kundende mu 1992 sindidzamuikira kumbuyo. Koma mumadumpha dala kuti Spinks anali asanagonjepo ndipo ndi iye anachotsa Holmes pampando, komanso kuti Holmes yemweyo anamenyabe nkhonya zaka zambiri pambuyo pake popanda winanso womugonjetsa ndewu isanafike kumapeto. Mumadumpha kuti Tyson anapita maraundi 12 ndi Tony Tucker nkupambana bwinobwino. Wokokomezedwa ndi Tyson wotuluka kundende, amene dzina lake linkagulitsa matikiti luso litapita kale. Wa 1986 mpaka 1988 anali weniweni, kungoti sanakhalitse.

Zaka za m'ma 90 zinapita choncho, ine kulephera kupitiriza sukulu, kugulitsa kaunjika ku Limbe, kenako kukwera basi ya ku Joni.

June 2002, Tyson akukumana ndi Lennox Lewis ku Memphis. Kwa ife ku Johannesburg kunali m'bandakucha wa Lamlungu, kukuzizira koopsa, titadzazana m'kachipinda ka Mzimbabwe wina amene anali ndi dishi. Panthawiyi amalume anali atadwala miyezi yambiri. Vidiyo sho inali itatsekedwa, mabenchi anagulitsa ku tchalitchi china, deki inapita pogula mankhwala. Raundi yoyamba Tyson anayesa. Kuchoka apo Lewis ankangomutosa ndi dzanja lamanzere ali patali, maso onse awiri kung'ambika, mphuno kutuluka magazi. M'raundi ya 8 Tyson anagona chagada. Anthu m'chipindamo ankaseka. Ine ndinali kuganiza za foni imene ndinalonjeza kuimba.

Masiku amenewo unkaimba ku byuro, kupempha kuti akakuitanire munthu, nkudula, nkudikira theka la ola. Nditaimbanso anayankha azakhali. Anati amalume akakamira kubwera okha, awanyamula pa njinga, ndipo ndisawalankhulitse nthawi yaitali. Mawu amene ndinamva sanali a munthu uja ankakuwira chipinda chodzaza popanda maikolofoni. Ankapuma pakati pa liwu lililonse. Sanafunse za ntchito, sanafunse za ndalama imene ndinali nditachedwa kutumiza.

"Zayenda bwanji?"

Ndinafuna kuwanamiza. Koma mawa lake akanamva pa wailesi, ndipo iwo sanandinamizepo. Ndinati, "Amalume, wagwa. Ya 8."

Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti mayunitsi atha. Kenako anafunsa ngati mutu unkayenda. Ndinati ayi. Anatsokomola nthawi yaitali, azakhali akumveka kumbuyo kuti basi tiyeni, iwo nkunena kuti, "Ndiye Lewis wamenya dzina. Mwiniwake anatisiya kalekale." Anandiuza kuti ndizivala zofunda, amva kuti kumeneko kumazizira. Sitinalankhulanenso. Anamwalira mu July.

Kumaliro sindinapite, ndipo pali abale ena, akudzidziwa, amene mpaka pano amanena pa misonkhano ya banja kuti ndinawataya amalume nditadya zawo. Mapepala anga anali atatha masiku. Ndikanatuluka sindikanalowanso, ndipo bokosi limene munanyamula lija linagulidwa ndi ndalama ya ntchito yomweyo imene mumati ndikanaisiya. Za deki, funsani azakhali akadali moyo. Sindinaitenge ine, anaigulitsa okha amalume ali maso, ndipo analira.

Ya Danny Williams mu 2004 ndi ya Kevin McBride mu 2005 sindinaonere. Ya Jake Paul ya mu November 2024, Tyson ali ndi zaka 58, mwana wanga wamkulu anandiikira pa Netflix ndipo ndinatuluka panja raundi yachitatu isanathe.

Gawo likubwerali ndifotokoza mmene ndinakumanirana ndi mayi a ana ku Turffontein, ndi chifukwa chimene alamu anakanira ukwati wathu poyamba. Alamu, konzekani.