Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chitupa ndinapereka, foni ndinakaniza

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinayamba geni ya tomato. Geni imeneyi imafuna kulawira. Ukafika dzuwa litatuluka upeza anzako asankha kale, iwe n'kutsala ndi wophwanyika. Ndiye 4 koloko m'mawa inkandipeza ndili pamsewu, dengu lili pa kaliyala.

Kulawira komweko kunandigonetsa m'chitokosi mu 2014. Mlandu wake vakabu. Anandivula lamba ndi nsapato, ndinakhala pa simenti yozizira pafupi ndi ndowa yonunkha, mpamba wonse n'kuthera pa nkhani imeneyo. Sindinabe kanthu. Ndinali mmphawi woyenda kusanache, basi.

Nditamva pa wailesi mu Januwale 2017 kuti khoti lalikulu ku Blantyre lathetsa gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, lomwe ankatimangira lija, misozi inalengeza. Anakamang'ala anali Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, yemwe anamugwira mu 2015 akulawirira ku msika wa Limbe. Munthu wa geni ngati ine ndemwe! Chaka chomwecho cha 2017 ndinakaima pamzere kulembetsa chitupa cha unzika, ndipo chitatuluka ndinachikulunga mu pulasitiki ngati ndalama.

Tsiku lina mu Juni 2018, kukuzizira koti zala zosagwira bwino mabuleki, tochi inandithwanima m'maso. Apolisi awiri.

"Imani pomwepo, achimwene. Mukupita kuti usiku uno? Chitupa chili kuti?"

Ndinatsika panjinga n'kupereka ndi manja awiri. Wamkuluyo anaunika nkhope ya pachitupa, n'kuunikanso yanga. Mnzake anasuzumira m'dengu, anapezamo masaka opanda kanthu. Pamenepo ndinalibe nawo chifukwa. Dera lathu linali litavuta ndi akuba, ndipo anthuwo ankazizidwa pamsewu kuti ife tigone.

Kenaka wamng'onoyo anatambasula dzanja. "Bweretsani foniyo tione."

Mtima unagunda. M'foni imeneyo munali mauthenga a mlongo wanga, wondiuza zomwe anamupeza nazo kuchipatala, nkhani yomwe ngakhale amayi athu anali asanaimve. Anandiuza ine ndekha, akulira. Ndiye mlendo aiwerenge pamsewu ndi tochi?

Mphwanga wa ku sekondale anali atandiwerengerapo gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino: munthu ali ndi ufulu wosunga zinsinsi zake, osafufuzidwa m'thupi, m'nyumba kapena m'katundu mwachisawawa, ndipo mauthenga ake a pa lamya asalowereredwe. Anandiwerengeranso gawo 42, loti wogwidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chomwe akumva, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48.

Mawu anatuluka monjenjemera. "Bwana, chitupa ndapereka ndi mtima wonse. Koma m'foni umu muli za m'banja. Ngati pali mlandu womwe mukundiganizira, ndiuzeni, tipitire limodzi kupolisi."

"Mwayamba kutiphunzitsa ntchito?"

"Ayi bwana, ndikungopempha."

Tinakhala chete. Ndinamva fungo la ndowa ija m'mphuno ngati ndabwereramo kale. Wamkuluyo anayang'ana mnzakeyo, anandibwezera chitupa n'kuzimitsa tochi.

"Pitani, tomato angakuthereni."

Ndinapalasa mpaka pa mlatho miyendo ikugwedezeka, ndipo pamenepo ndinaima n'kugwira m'thumba kuti ndimve ngati foni ilimo. Mlongo wanga anadzawauza yekha amayi patatha miyezi itatu, ndipo za tsiku limenelo ndikufotokozerani m'gawo likubwerali.