Ndaika turbo pa ka MX-5 kanga, koma musanathamangire ku sikilapu tamvani kaye

Chiponyereni kavidiyo ka galimoto yanga ikulira pshhh posintha giya foni sikupuma, ena akulemba ali kumudzi ena tili nawo konkuno ku Joni, ndipo funso lake ndi limodzi lomwelo, amwene turbo munagula zingati nanenso ndiike pa yanga. Nde ndaona kuti ndingolemba zonse pamodzi, chifukwa funso la zingatili ndi lomwe likuphetsa ma injini ambiri. Pa zonse zomwe ndinagula, turbo ndi yomwe inali yotchipa, ndipo ndinaigula kumapeto kwenikweni.

Galimoto yake ndi Mazda MX-5 ya 1992, ija ya nyali zotukuka ngati maso a chule, injini 1.6. Amene mumaitanitsa galimoto ku Japan mungaipeze pa dzina loti Eunos Roadster, ndi yomweyo. Kanayamba kutuluka mu 1989, ndi kopepuka zedi sikakwana bwinobwino tani imodzi, kamakankha ndi matayala akumbuyo, pa kona kamamvera ngati kakudziwa zomwe ukuganiza. Vuto ndi mphamvu basi. Papepala analemba 85 kW, koma papepalapo amawerengera kuti muli m'mphepete mwa nyanja yamchere. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wa kuno ndi wopyapyala, kupanikiza kwake ku Durban kumakhala cha m'ma 101 kPa pomwe kuno ndi cha m'ma 83. Injini yopanda turbo imangomeza zomwe yapeza, nde kuno imataya pafupifupi 17 pa 100 iliyonse ya mphamvu zake isanachoke n'komwe pa geti. Ndimakwera chitunda phazi lili pansi, ka Polo ka TSI, kobwera ndi turbo yake, kodzadza ndi ana a sukulu n'kundidutsa kosavutika, zimandiwawa ndithu chifukwa galimotoyi ndimaikonda.

Amene munaonapo wosula makasu kumudzi turbo simungavutike kuimvetsa, ndi mvukuto. Kusiyana kwake n'koti mvukuto uwu sukupizidwa ndi manja, ukupizidwa ndi utsi wa injini yomweyo. Utsi wotentha potuluka umazunguza kafani, kafaniko kali pa kachitsulo kamodzi ndi kafani kena ka mbali inayo komwe kamakankhira mpweya mu injini mokakamiza. Mpweya wambiri, petulo wambiri, moto waukulu. Nzeruyi si ya lero ayi, Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905. Kachitsulo kameneka kamazungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi imodzi.

Chomwe chinandilimbitsa mtima ndi mbiri ya injiniyi. Injini ya mu MX-5, yotchedwa B6, ndi m'bale wake wa injini ya Mazda 323 GTX yomwe inkabwera ndi turbo kuchokera ku fakitale, nde pansi pa mapisitoni pali timapaipi topopera oyilo kuti aziziziritsa, komanso compression yake, kuthina komwe pisitoni imapanikizira mpweya, ndi 9.4 yomwe ndi yofatsa. Mnyamata wina wa ku Blantyre wandifunsa za Altezza RS200 yake ya giya ya manja, achimwene injini yanuyo compression ndi 11.5, yathinana kale, kuikamo boost, mpweya wokankhidwa ndi turbo uja, osasintha mapisitoni ndi nkhani ina yovuta kwambiri kuposa yangayi. Yambani mwadziwa injini yanu.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Chinthu choyamba chomwe ndinagula ndi kompyuta ya injini, MegaSquirt, pamodzi ndi wideband, ka sensa kolowa mu ekizozi komwe kamakuuza kuti mpweya ndi petulo zikusakanizika bwanji. Kompyuta yobwera ndi galimoto sidziwa kuti kunja kuno kuli boost, inapangidwa kuti izithira petulo wa injini yongopuma yokha, nde ukaikankhira mpweya wowonjezera iyo imathirabe petulo wochepa yemwe uja, moto umatentha mopyola, pisitoni n'kusungunuka. Amene thumba lili lopyapyala palinso Speeduino yomwe imayendera ka bolodi ka Arduino, anthu akuyendera bwinobwino.

Ndinayenda miyezi inayi yathunthu ndi kompyutayi popanda turbo. Anzanga ku ntchito ankandifunsa kuti nde mwasintha chani poti galimoto ikuthamanga chimodzimodzi, koma miyezi imeneyo ndi yomwe inandiphunzitsa zonse. Laputopu pa mpando wa pambali, TunerStudio, pulogalamu yosinthira manambala a kompyutayi, yotsegula, mlamu wanga akuyendetsa ine ndikuyang'ana manambala usiku tikaweruka. Ndinaphunzira kuilizitsa m'mawa wa June kukuzizira, ndinaphunzira chifukwa chomwe imazimira pa maroboti ndikayatsa nyali, ndinalakwitsa kambirimbiri koma kulakwitsa pa injini yopanda boost sikupha kanthu, imangotsokomola basi. Kulakwitsa komweko pa boost ndi maliro. Tizinthu tiwiri tomwe tingakusowetseni tulo pa 1.6: pampu ya petulo imayatsidwa ndi ka switchi kobisika mkati mwa air flow meter, nde mukaichotsa mita ija galimoto imalira kamphindi n'kuzima mpaka mutapatsa kompyuta yatsopano ntchito yoyatsa pampu. Chachiwiri, tengani timing light, nyali yoonera nthawi yomwe pulagi ikuyatsa moto, mutsimikize kuti madigiri 10 a timing omwe laputopu ikunena ndi omwewo ali pa pulley, chifukwa zikasiyana ndiye kuti manambala onse omwe mudzalembe pambuyo pake ndi abodza. Ma injector, zopopera petulo mu injini, ndinaika achikasu aja a Mazda RX-8, obwera ndi galimoto ndi ang'ono amatha mphamvu boost ikangoyamba.

Kenako nde zitsulo, kumene ine ndili kwathu poti ntchito yanga ndi yowotcherera. Turbo ndinaipeza pa sikilapu, TD04 yochokera mu Subaru. Pogula gwirani kachitsulo kapakati mukagwedeze, kusewera pang'ono cham'mbali si vuto koma kakamalowa ndi kutuluka kapena mapeni a fani akhudzapo khoma isiyeni pompo. Manifodi, mapaipi otenga utsi ku injini kupita ku turbo, ndinapanga ndekha. Yoyamba ndinapangira paipi wamba ya ekizozi chifukwa inalipo kale mu shopu, inatha masabata atatu n'kung'aluka pafupi ndi flange, chitsulo chafulati chomangirapo mabawuti. Pamenepo pamatentha mpaka madigiri 800 kupita m'tsogolo, chitsulo chimafiira, chimafutukuka n'kubwerera tsiku ndi tsiku uku chitanyamula turbo yolemera. Yachiwiri ndinapangira steam pipe yokhuthala ya schedule 40, ndinaimangirira pa chitsulo cholemera powotcherera kuti isapindike, n'kukapalitsa flange kuti ikhale fulati, mpaka lero ili nji. Siyokongola ngati zonyezimira za pa intaneti zija koma sindinaigwirenso. Mwayi wathu ife a chiwongolero cha kumanja ndi woti ekizozi ili kumanzere, nde turbo sikhala pafupi ndi chiwongolero kapena botolo la mabuleki ngati mmene zilili kwa anzathu aku America.

Tsiku loyamba kuiliza ndi turbo mtima unali m'mwamba, inalira bwino, koma patangotha mphindi khumi utsi wabuluu tolotolo kumbuyo, yadi yonse kudzadza. Ndinakhala pansi pa tayala mphamvu zitandithera, ndikuti basi andigulitsa yakufa. Pa shopu pathu pali madala ena a ku Tete omwe agwira ma injini a thiraki zaka zambiri, anabwera osalankhula n'kugwada, kusuzumira pansi, kenako akuti, "Mwanawe, unaonapo madzi akukwera phiri okha?" Ndinati ayi madala. Akuti nanga oyiloyu ukufuna akwere bwanji. Paipi yobweza oyilo kuchoka ku turbo kupita ku sampu ndinaika yopyapyala, komanso inali ndi kamalo kokhota komwe imakwera pang'ono isanatsike. Oyilo amalowa mu turbo mokankhidwa ndi pampu, koma potuluka palibe chomukankha, amangotsika yekha ali thovu, nde akapeza njira yothina amadzadzana mkati n'kudutsa pa ma seal kukapsa mu ekizozi. Tinaboola sampu pena, pamwamba pa pomwe oyilo amalekeza, kubowola titapaka girisi pa drill kuti tizidutswa ta aluminiyamu timatirire, kutsuka ndi oyilo wotchipa kawiri, paipi yonenepa yotsika molunjika. Utsi unatha tsiku lomwelo. Madalawa ndinawagulira nkhuku yamoyo, ndipo mpaka pano ndikamagwira chilichonse pa galimotoyi ndimayamba ndawafunsa.

Mdani weniweni wa injini ya turbo ndi kugogoda, azungu amati knock. Petulo amayenera kuyaka mwadongosolo kuchokera pa pulagi, koma kukatentha kwambiri kapena moto ukabwera msanga, wotsalayo amaphulika yekha ngati wamenya pisitoni ndi hamala. Kamvekedwe kake ndi ngati timiyala mu chitini, ndipo choopsa n'choti ndi phokoso la ekizozi simungakamve muli pa mpando. Ine ndinaphwanya nsonga ya kapaipi ka kopa n'kuimangira pa buloko ndi bawuti, kulumikiza hosi mpaka m'kati mwa galimoto, kumapeto kwake zotseka m'makutu za ku ntchito zija. Ukavala umamva chilichonse cha m'mimba mwa injini, mavavu, ma injector, ndipo kugogoda kukayamba sungakuphonye. Tinakumva kamodzi pa giya yachinayi masana kukutentha, mlamu anachotsa phazi nthawi yomweyo, tinabweza timing madigiri awiri pamalo amenewo n'kuyesanso, zii. Chipanda ka hosi kameneko bwenzi pano ndikulemba nkhani ina.

Manambala omwe ndimayendera ndi awa. Poyenda wamba wideband izionetsa 14.7, ndiko kuti magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, pa boost ndimafuna 11.5 mpaka 12, kutanthauza petulo wochulukirapo yemwe amathandiza kuziziritsa. Timing imabwerera m'mbuyo boost ikamakwera. Mapulagi ndi NGK BKR7E ozizirirapo, mpata wake ndinauchepetsa kufika 0.7 mm chifukwa mpweya wothinana umazimitsa moto. Kuno kumtunda amagulitsa petulo wa 93 ndi 95, ine ndi 95 basi ngakhale mwezi utavuta bwanji, ikavuta kwambiri galimoto imagona ndimakwera taxi. Intercooler, yoziziritsa mpweya wochokera mu turbo, ili kutsogolo kwa lediyeta, poti mpweya ukaupanikiza umatentha ndipo mpweya wotentha ndi womwe umaitana kugogoda kuja. Boost ndi 0.5 bar (50 kPa), ya sipuling'i ya wastegate, kavavu kolambalalitsa utsi kuti boost isapitirire, sindinaike kabatani kowonjezera ndipo sindikufuna, ndaona anyamata akupotokola kabatani kameneko pa car wash kuti anzawo aone, sabata yotsatira galimoto ili pa mawe.

Pa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto, ndinapitabe, musanamizidwe kuti laputopu ndi msewu zikwana. Isanaikidwe turbo inkapereka cha m'ma 60 kW pa matayala, pano ikupereka 110 ndi kakusefukira. Pa galimoto yopepuka chonchi ndi dziko lina, pa 3,000 rpm kumayamba kamluzu kenako msana umakanikizika ku mpando, ulendo woyamba ndinangoyamba kuseka ndekha misozi ili m'maso, zaka ziwiri za kusunga ndalama ndi kugona mochedwa zonse zinabwera nthawi imodzi.

Koma mphamvu ikabwera imayamba kufufuza chofooka. Kilatchi inayamba kuterereka sabata yoyamba, ndinasintha. Kutentha nako, injiniyi inapangidwira galimoto yomwe injini imakhala chopingasa, ataitembenuza mu MX-5 madzi amalowa ndi kutulukira kutsogolo konse nde silinda yachinayi ya kumbuyo imatentha kuposa zinzake, ndinasintha njira ya madzi kuti azitulukira kumbuyo ndi kuika lediyeta yonenepa. Mabuleki ndi matayala ndinachita turbo isanalowe, izi sindikambirana ndi munthu. A inshuwalansi ndinawauza, ndalama inakwera pang'ono, koma kubisa n'kudzachita ngozi amakana kulipira. Ndipo kuthamanga kwenikweni ndimakachitira ku bwalo la mpikisano wa galimoto la Zwartkops cha ku Pretoria masiku omwe amatsegulira anthu wamba, pa msewu wa N1 pali ma taxi, pali anthu oyenda pansi, pali ana a eni ake, mayi a kunyumba ndinawalonjeza zimenezi tisanagule n'komwe bawuti yoyamba.

Chomwe chikundidyetsa mutu pano ndi ulendo wa ku Durban mu December. Kumbukirani nkhani ya mpweya ija. Wastegate imangowerenga boost pamwamba pa mpweya wa pamalo pomwe muli, nde 0.5 bar ya kuno ndi 83 kuphatikiza 50, cha m'ma 133 kPa mu injini. Sipuling'i yomweyo ndikatsikira ku nyanja ipereka cha m'ma 150, malo a pa tebulo la kompyuta omwe injini yanga sinafikeko chiyambire, kuwonjezera apo chinyezi ndi kutentha kwa kumeneko. Mizere imeneyo ndaidzadza kale ndi petulo wochuluka ndi timing yobwerera, koma ndi zongoganizira, sindinazimve ndi khutu. Nde Loweruka likubwerali tabwereka sipuling'i yolimbirapo kuti tikafike 150 konkuno pa dyno, hosi ili m'makutu, tione. Difu ya 1.6 nayo ndi yaing'ono ndipo yayamba kulira pang'ono ndikachotsa phazi, ndikusaka ya 1.8 ya Torsen pamodzi ndi ma shaft ake, amene mwaiona pa sikilapu ina iliyonse kuno ku Gauteng mundiuze chonde.