Dzenje likakugwetsani pa njinga yamoto mu Harare

Mvula ikayamba mu Novembala, maenje a m'misewu ya Mbare, Highfield ndi Mufakose amabisala pansi pa madzi. Kombi, minibasi yonyamula anthu, imadutsa dzenje lili pakati pa matayala ake, koma wanjinga yamoto amene akuilondola pafupi amaliona atafika kale. Ambiri amagwira buleki yakutsogolo mwamantha. Mafoloko amafinyika, tayala limalowa ndi kulemera konse kwa njinga, limu imapindika, munthu n'kuuluka. Chepetsani liwiro dzenje lisanafike, siyani buleki, dzukani pang'ono pa mpando, ndipo muliwoloke molunjika.

Mukagwa n'kufuna kusumira eni msewu, mboni yanu yaikulu ndi dzenjelo, ndipo silikhalitsa. Mawa lake anyamata amakhala atalikwirira ndi zidutswa za njerwa n'kumapempha ndalama kwa odutsa. Ngati simungathe kuima, tumani m'bale wanu tsiku lomwelo. Ajambule pafupi ataimika ndodo kapena botolo m'katimo kuti kuya kuoneke, ajambulenso ali patali kuti pakhale chikwangwani cha msewu kapena nyumba yodziwika, ndiponso kuti zioneke kuti panalibe chenjezo. Mayi wogulitsa tomato pamenepo ndi amene anganene kuti dzenjelo lakhala miyezi ingati. Mutenge nambala yake, chifukwa mlandu umagona pamenepa: kuti eni msewu ankadziwa, kapena anayenera kudziwa, koma sanakonze. Njinga musathamangire nayo kwa makaniko isanajambulidwe.

Kanenani kupolisi pasanathe maola 24. Ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, uzani dokotala kuti mwagwera m'dzenje kuti zilembedwe, ndipo musataye lisiti ngakhale la mankhwala opha ululu.

Inshuwalansi yotchipa ija yokakamizidwa ndi lamulo imalipira anthu ena amene inu mwawavulaza. Fupa lanu la paphewa siiliwerengera.

Nanga wosumiridwa ndani? Misewu yam'malokeshoni ili m'manja mwa khonsolo ya Harare, misewu ikuluikulu ili pansi pa unduna wa zamtengatenga, pomwe ZINARA, bungwe la boma la ndalama za misewu, imatolera ndi kugawa ndalamazo. Kuyambira mu 2021, boma litalengeza kuti misewu ili pa ngozi, linalowerera kukonza misewu ina yamumzinda, choncho loya atsimikize kaye mwini wake. Posumira boma, lamulo la State Liabilities Act limafuna chidziwitso cholembedwa masiku 60 mlandu usanayambe, ndipo lamulo la Prescription Act limapereka zaka zitatu basi zoti musumire. Amene alibe ya loya ayambire ku Legal Aid Directorate, ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu.

Khoti limagawanso cholakwa. Ngati munalibe helemeti, nyali inali yakufa kapena munkathamanga, chipukuta misozi chimadulidwa molingana ndi gawo lanu. Helemeti yosweka ija isungeni, ndi umboni woti munavala.