Ndatsika Michiru bondo osalira

Loweruka lapitali ndatsika phiri la Michiru kuchokera pa mtanda wa pamwamba mpaka kumunsi ku Chilomoni osakhala pansi, osagwirira miyala, bondo lili losamanga. Wotchi inawerenga mphindi 41. Anyamata amene amatsika njira imene ija chothamanga aona ngati nzochepa, koma inu amene tinkayendera limodzi mu Juni mukukumbukira momwe ndinkatsikira, chammbali ngati nkhanu, dzanja lili paphewa la mnzanga. Nditafika pamsewu ndinaima kaye kudikira kuti ululu uja ubwere. Sunabwere. Lamulungu m'mawa ndinapinda mwendo ndili pabedi, zii. Lolemba chimodzimodzi. Ndiye ndati lero ndilembe, chifukwa nkhani imeneyi inandidyera masabata 7 pachabe ndisanaimvetse.

Kwa amene mwangobwera kumene m'gulu lathu, ine ndili ndi zaka 52, anandipeza ndi shuga mu 2021, ndipo BP inali itayamba kale. Ndinayamba ndi mphindi 150 pa sabata zija amatiuza kuchipatala, kuyenda ndawala m'misewu ya kwathu kusanache. Kenako phiri linandikoka. Poyamba ndinkakwera la Soche, koma kuchokera pa zimene namondwe wa Freddy anachita kumeneko mu Malichi 2023, mtima sunandilolenso kukapondako ngati malo osewerera, podziwa anthu amene anapita ndi matope ku Chilobwe. Ndinasamukira ku Njira ya Mtanda ya paphiri la Michiru, kamodzi pa sabata, Loweruka lokha. Zaka ziwiri zinatha choncho popanda vuto lililonse.

Kulakwa kunali kwanga. Mu Meyi shuga wa m'mawa atayamba kukhazikika pa 110 mpaka 120, ndinasangalala nkunena kuti ndiwonjezere. Kuchoka pa kamodzi ndinafika katatu pa sabata, ndipo sabata yomweyo ndinayamba kubereka chikwama cha mchenga cha makilogalamu 8. Zinthu ziwiri nthawi imodzi. Pomwe mwezi umatha bondo lamanzere linali litayamba. Pokwera panalibe kanthu, ndinkafika pamwamba wefuwefu koma mwendo uli bwinobwino. Potsika ndiye pamakhala nkhani: ululu wa kutsogolo, kuseri kwa kafupa kozungulira kaja ka pabondo, ngati wina akukanda ndi msomali mkati. Posakhalitsa unanditsatira mpaka kumasitepe a kuntchito. Ndikakhala nthawi yaitali mu minibasi miyendo ili yopinda, potsika ndinkayamba ndaima kaye pasiteji kuti mwendo uwongoke.

Masabata 7 amene ndikunenawo ndinawathera pabondo penipenipo. Ndinagula chomangira cha mphira chija chokhala ndi bowo pakati. Ndinapaka mankhwala otentha aja mpaka mabulangete kununkha. Ndinathowa ndi madzi otentha, wina atandiuza kuti ozizira ndi amene amathandiza ndinasintha. Ndinapuma masiku 10 osakwera, ululu nkuchepa, nditangobwerera kuphiri unadzuka tsiku lomwelo pasanathe ndi theka la mtsetse. Kenako ndinaganiza kuti ndi nsapato.

Pa nsapato ndiime pang'ono. Ndili ndi mnyamata wanga wa kaunjika ku Limbe amene ndakhala ndikugula kwa iye kuyambira 2022. Bele likatsegulidwa amandiimbira ndisanamve kwa wina, ndipo amadziwa kuti ine sindiyang'ana dzina la nsapato. Ndimaitembenuza kuona ngati chidendene chinadyeka mbali imodzi, ndimaipinda kuona ngati ikupindikira kuzala osati pakati, kenako ndimalowetsa dzanja mkati kufufuza msoko uliwonse wotuluka. Ife a shuga msoko umodzi ungathe kutipatsa chilonda chimene sitingachimve mpaka chitakula, choncho ndimagula madzulo phazi litafufuma, ndipo ndimasiya mpata wa chala chimodzi kutsogolo. Ulendo umenewo anandipezera nsapato yabwino kwambiri, ya mano akuya pansi, imene ndikuvala mpaka lero. Nsapatoyo inalibe mlandu, ndipo yakale ija inalibenso mlandu. Bondo linapitiriza.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndikakumbuka ndi bufeni. Ndinkamwa awiri ndisananyamuke kuti nditsike bwino, pafupifupi masabata atatu. Tsiku la sikelo ya shuga BP inapezeka 158 pa 96, pomwe inali itakhala pansi pa 140 kwa chaka chathunthu. Anamwino atandifunsa chimene chasintha ndinatchula bufeniyo, ndipo anaika cholembera pansi. Anati, "Bambo, mankhwala amenewo amakweza BP, ndiponso impso za munthu wa shuga sizigwirizana nawo. Musiye lero." Iwo ndi amene anandilembera kuti ndikaonane ndi a fizio, aja othandiza odwala ndi masewero olimbitsa minofu. Anzanga a shuga ndi BP, bufeni, indosidi ndi daikilofenaki ndi banja limodzi, musamamwe mwachizolowezi musanafunse.

A fizio anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anamva nkhani yonse, anagwiragwira bondo, kulikankhira uku ndi uku, nkunena kuti mitsempha yogwira bondo ili bwino ndipo mulibe madzi. Kenako anandiimika pa kabokosi kutsogolo kwa galasi lalikulu.

"Bambo, imani ndi mwendo wamanzere, wamanjawo muutsitse pang'onopang'ono mpaka chidendene chikhudze pansi. Musayang'ane pansi, yang'anani pagalasi."

Ndinatsitsa. Ndinaona ndi maso anga bondo lamanzere likugwera mkati, kulowera kwa linzake, chiuno chakumanja chikupendekera pansi, thupi lonse gwedegwede. Titasintha mwendo, lamanja linatsika molunjika pamwamba pa zala. Atatero anandigoneka chammbali nkundiuza kuti ndikweze mwendo m'mwamba, iwo nkumaukankhira pansi ndi dzanja limodzi. Wamanja unalimba. Wamanzere unagwa ngati nthambi youma.

"Mwaona? Bondo likungolandira chilango. Wofooka ali apa," anatero akuloza m'mbali mwa thako, pamwamba pa fupa la chiuno.

Anandifotokozera kuti mnofu wa m'mbali mwa thako ndi umene umagwira chiuno kuti chisapendekeke munthu akaima ndi mwendo umodzi, komanso umaletsa ntchafu kupotokera mkati. Potsika phiri, phazi lililonse limene waponda ndi kuima ndi mwendo umodzi thupi lonse likugwera pamenepo. Mnofuwo ukatopa, ntchafu imapotoka, ndipo kafupa ka pabondo kaja m'malo moyenda bwino mu ngalande yake kamapanikizika mbali imodzi. Kamodzi pa sabata thupi linkapirira. Katatu, ndi mchenga kumsana, linakana. Masabata onse aja ndinkathira madzi pamene panali utsi, moto uli kwina.

Zimene anandipatsa ndi zinayi zokha, ndipo palibe cha mtengo. Kugona chammbali nkumakweza mwendo wapamwamba utabwerera kumbuyo pang'ono, zala zitaloza kutsogolo. Kugona chagada mawondo opinda nkumakweza chiuno, poyamba ndi miyendo yonse, pambuyo pake ndi umodzi. Kuyenda chammbali mphira uli m'miyendo. Ndiye kutsika pa sitepe pang'onopang'ono pagalasi, kuwerenga mpaka 3, bondo likuyang'ana chala chachiwiri. Maulendo 10 katatu, tsiku lina kuchita lina kupuma. Za ululu anati ndiuyeze pa 10: ukakhala 3 kapena kuchepera ndipo mawa lake watha, ndipitirize, ukapitirira kapena kugonera, ndichepetse. Sanandiletse kuyenda. Anati ndiziyenda pamalo osalala masiku onse chifukwa cha shuga, phiri lokha ndi limene lidikire.

Choyamba chija, chooneka chophwekacho, chinanditayitsanso masiku ena 12. Ndinkachita mokhulupirika koma ndinkamva kutentha kutsogolo kwa ntchafu, kuthako kuli phee. Nditabwerera anandiyang'ana kamodzi kokha nkuona kuti ndimagubuduzira chiuno kumbuyo, ndiye mwendo umakwezedwa ndi minofu ya kutsogolo. Mankhwala ake anali khoma. Gonani msana ndi matako zitagunda khoma, chidendene chizikwera chikukhula khomalo. Nditayesa choncho ndinalephera kufika 8, ndipo malo aja analoza anayaka moto. Ngati mukuchita zimenezi ndipo simukumva m'mbali mwa thako, yesani khoma musanawonjezere chiwerengero.

Mphira sindinagule wa m'sitolo. Ndinapita kwa bambo amene amakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi kwathu, anandipatsa machubu awiri otha ntchito. Chubu cha njinga yakapalasa ndinachidula mulitali kukhala malamba awiri ofewa, oyambira. Patatha mwezi ndinayamba kumanga chathunthu, ndipo pano ndili pa chubu cha njinga yamoto chimene ndinachicheka m'lifupi mwa zala zitatu. Chenjezo ndi loti muchotse kachitsulo kopopera kaja ndipo muvale buluku lalitali, apo ayi mphira umazula ubweya ndi kusupula khungu. Zimenezi zinandikumbutsa zitsulo zanga za 2022, zija ndinathira simenti m'zitini ziwiri za penti nkulowetsa paipi pakati. Mbali imodzi inalemera kuposa inzake ndi kilogalamu yathunthu chifukwa sindinayeze mchenga, ndipo ndinazindikira phewa litayamba kudandaula. Zilipobe kuseri kwa nyumba. Ndikufuna kudzaumbanso zina zoyeza pasikelo.

Sitepe ndinayamba ndi njerwa imodzi yogoneka pakhonde, galasi la mayi a kunyumba nditalitsamiritsa kumpando. Sabata yachitatu njerwa ziwiri, yachisanu ndi chimodzi sitepe ya pakhomo. Kuphiri ndinabwerera sabata yachisanu, kukwera gawo limodzi mwa magawo atatu nkubwerera, popanda chikwama, mapazi aafupiafupi potsika. Sabata iliyonse ndinkawonjezera malo oimapo awiri a Njira ya Mtanda. Loweruka lapitali inali sabata ya 9.

Kumbali ya chakudya ndasintha pang'ono, chifukwa minofu simera ndi mphepo. Nsima ikadali ya mgaiwa, mtanda umodzi ndi theka masana, umodzi madzulo, ndipo theka la mbale ndi masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, chilichonse chimene chapezeka pamsika. Chimene ndawonjezera ndi ndiwo zomanga thupi pa chakudya chilichonse, osati madzulo okha monga kale. M'mawa dzira kapena mtedza wodzaza dzanja, masana nyemba kapena nandolo, madzulo usipa. Usipa wouma timayamba tauviika m'madzi nkutaya madziwo, ndipo mchere wa patebulo tinauchotsa kalekale, poti mlingo wa tsiku lonse suyenera kupitirira magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi. Ndinayamba ndafunsa kuchipatala ngati impso zanga zikulola kuwonjezera zomanga thupi, anayeza nkunena kuti zili bwino. Amene impso zinayamba kale kuvuta musatengere ine.

Pali china chimene sindinachiyembekezere. Sabata yachinayi, tsiku lotsatira masewero a mphira, ndikuyenda m'mawa ndinangomva manja njenjenje, thukuta lozizira, maso kuchita chidima. Kamakina koyezera shuga kanawerenga 64. Ndinali ndi shuga wa m'kapepala m'thumba monga mwa nthawi zonse, masupuni atatu aang'ono, ndinamwa nkukhala pamwala mphindi 15, atakwera kufika 92 ndinabwerera kunyumba kukadya. Ine ndimamwa metformin pamodzi ndi glibenclamide, ndipo wachiwiriyu ndi amene amatha kugwetsa shuga. Minofu ikagwira ntchito yolemetsa imapitiriza kukoka shuga m'magazi mpaka tsiku lotsatira. Adokotala anaona kabuku kanga ka manambala nkuchepetsa mlingo wa glibenclamide. Sindinachepetse ndekha. Kuyambira pamenepo sindituluka m'mimba muli mopanda kanthu, ndimadya kachidutswa ka mbatata yophika ndi tiyi wopanda shuga, ndipo masitiripu a kamakina koyezera shuga akutha msanga chifukwa ndikuyeza ndisanapite komanso ndikabwera. Amene mukudziwa kumene akupezeka pa mtengo wabwino muno mu Blantyre mundiuze, kumene ndimagula akwera kawiri chaka chino.

Bondo lamanzere pagalasi likugwerabe mkati pang'ono ndikafika ulendo wa 8 kapena 9, ndiye mphira sindikusiya. A fizio akuti chikwama ndiyambe ndi makilogalamu 2, ndipo ndisawonjezere katundu ndi masiku sabata imodzi. Ndamva. Koma maso anga ali ku Mulanje. Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo aliyense amene anafikako amati chovuta si kukwera koma kutsika pamiyala ija. Ndikufuna mvula ikadzatha chaka chamawa ndidzakagone kaye ku Chambe usiku umodzi kuchokera ku Likhubula, ndione mmene mwendo udzayankhire. Zikadzayenda, Sapitwa chisanafike chilimwe. Mnzanga wina wayamba kale kundinyengerera za mpikisano wa Porters Race wa mu Julayi, makilomita oposa 20 kukwera ndi kutsika phiri tsiku limodzi, ndipo sindinamukanire. Loweruka likubwerali tikumana pamalo pomwe paja 5 koloko, dzuwa la Okutobala lisanatulutse ukali wake. Ndibweretsa machubu awiri otsala kwa amene akufuna kuyesa.